Kiyi yathawa pakati pa perekaniperekani

Gitala wa ku Ndirande: Abale anga oimba, mwaswera bwanji? Ndili ndi nkhani ya Loweruka lapitali, mpaka lero nthiti zikundiwawa ndi kuseka. Tinali pa ukwati wina ku Chilobwe, perekaniperekani ali mkati, anthu andanda ndalama zili m'manja. Mlamu wa mkwati anapempha kuti aimbeko nyimbo imodzi. Mawu ake ndi apansi, ndiye mnyamata wathu wa kiyibodi anamutsitsira kiyi ndi batani la transpose, lija limatsitsa kapena kukweza kiyi zala zili pamalo omwewo. Mlamu waimba, watsika, anthu amuombera m'manja. Ife n'kulowa nyimbo yathu imene timaimba mu G masiku onse. Mnyamata uja waiwala kubweza batani. Zala zake zili pa G, koma makina akutulutsa F. Ine ndili mu G, besi ili mu G, iye ali mu F, woimba wathu ali pakati ngati mwana amene azakhali awiri akumulimbirana. Chimene chinandimaliza n'choti mnyamatayo ndiye anayamba kutiyang'ana ife ndi diso lofiira, uku akupukusa mutu ngati tamuchititsa manyazi.

Woimba Besi: Kkkkkk lamulo loyamba la pa siteji ndi limenelo achimwene. Zikasokonekera, amene wayamba kuyang'ana mnzake ndiye wawina mlandu. Anthu oonerera sadziwa kuti walakwa ndani, amangotsatira kumene maso akuloza.

Wang'oma wa ku Mtandire: Ndiye mapeto ake maso onse amakathera kumbuyo kwa wang'oma. Ine ndimafunsa kuti ng'oma zanga zili ndi G kapena F pati?

Woimba Besi: Lamulo lachiwiri: ukaphonya, yang'ana ampu, uigwedeze chingwe, upukuse mutu. Ampu siyankha.

Wang'oma wa ku Mtandire: Lachitatu: phonyanso malo omwewo ulendo wachiwiri, anthu aziti ndi sitayilo. Ukaphonya katatu wayambitsa gule watsopano kkkk.

Mayi wa Kwaya: Ana inu mundipha ndi kuseka. Ndiye zinatha bwanji achimwene a ku Ndirande?

Gitala wa ku Ndirande: Amayi, wa besi wathu ndi munthu wofatsa. Anangoyenda pang'onopang'ono uku akuimbabe, wafika pa kiyibodi, wadina batani ndi chala chaching'ono, wabwerera pamalo pake. Nyimbo n'kugwera m'malo mwake ngati mphika pa mafuwa. MC anali wochenjera, anangoti oimba atiphunzitsa za banja, kuti anthu awiri amayamba aliyense ndi kiyi yake kenako n'kumvana. Holo yonse inafa nacho chiseko, ndalama zinachita kuwirikiza. Mnyamata uja pano dzina lake mu bandi ndi Bambo Transpose, ndipo amavomera.

Wa Kiyibodi ku Area 25: Ndikuseka nawo koma mundilole ndimuikire kumbuyo mnzanga. Pa ukwati wa kiyibodi amagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Akusintha mawu a chida, akusintha liwiro la ng'oma za m'makina, akumvera MC, wina akumunong'oneza kuti achikazi akufuna nyimbo ina. Kanambala ka transpose kamaoneka kakang'ono pakona, ndipo padzuwa sukaona n'komwe. Mankhwala ake enieni ndi kuphunzira kuimba m'makiyi onse 12, batanilo n'kulisiya. Ine zinanditengera zaka ziwiri, ndipo F sharp ndi imene inandilimbira kwambiri, koma chiyambire pamenepo batani limenelo sindiligwira.

Woimba Besi: Akiyibodi ambiri a m'matchalitchi mwathumu anabatizidwa mu F sharp, kwina konse amapita ndi batani kkkk.

Wa Kiyibodi ku Area 25: Ena F sharp, ena C. Aliyense ali ndi mudzi wake. Koma pali chinanso chimene anthu sachidziwa. Kupatula transpose, makiyibodi ambiri ali ndi malo ena otchedwa master tune, pamene pamalembedwa 440. Ana akamaseweretsa chida tchalitchi chikatha amatha kusuntha nambala imeneyo. Pamenepo ndiye mumavutika zedi, chifukwa kiyi ndi yomweyo koma mawu akusemphana pang'ono kwinakwake. Wa gitala achuna bwinobwino ndi tuner yake, kachida koyezera mawu a nsambo, mukayamba pamodzi zikumveka ngati nsima ya ufa wa mitundu iwiri. Mukayatsa kiyibodi yobwereka, yang'anani manambala awiri amenewo musanayambe chilichonse.

Mayi wa Kwaya: Inu muli ndi mabatani oti muwanamizire. Ife a kwaya tilibe pothawira. Kwathu nthabwala yaikulu ndi ya munthu woyambitsa nyimbo pamwamba. Timati waipachika patsindwi. Ndime yoyamba imayenda bwino, koma aliyense mumtima akudziwa kuti kolasi ikubwera. Tikafika pamenepo masoprano amachita ngati akukwera Sapitwa atasenza mtolo wa nkhuni, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, azibambo a besi akungoyang'anana. Mayi wina wachikulire kwathu amangonena chapansipansi kuti, bweretsani makwerero. Mawu awiri okhawo, mzere wonse wakumbuyo umayamba kugwedezeka mapewa.

Wang'oma wa ku Mtandire: Nanga yoyambira pansi amayi?

Mayi wa Kwaya: Imeneyo timati yakwiriridwa. Ya patsindwi imapha masoprano, yokwiriridwa imapha mabesi, amangotulutsa mpweya wopanda mawu. Koma vuto limene limandisowetsa tulo ine ndi lina. Kwaya yoimba popanda zida imatsika pang'onopang'ono yosazindikira. Mwayamba bwino, pofika ndime yachinayi mwatsika sitepe yathunthu, ndipo palibe mmodzi amene mungamuloze chala chifukwa mwatsikira limodzi. Zimachitika kwambiri pa nyimbo zapang'onopang'ono, anthu akatopa, akamapuma mochedwa, kapena akakhala chokhala pa benchi msana uli khoto. Ngati palibe chida, palibe amene amadziwa. Koma wa kiyibodi akati alowerere pa ndime yomaliza, chinsinsi chonse chili poyera.

Lipenga wa ku Zomba: Pepani ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse. Ine ndiyankhulireko a malipenga, chifukwa timanyozedwa kwambiri m'mawa. Lipenga likazizira mawu ake amatsika, likatenthedwa amakwera. Chimene chimalira m'lipenga ndi mpweya umene uli mkatimo, ndipo mawu amathamanga kwambiri mumpweya wofunda kusiyana ndi wozizira. Gitala imachita zosiyana. Nsambo zachitsulo zikazizira zimakungika, mawu n'kukwera, zikatenthedwa zimakhwefuka, mawu n'kutsika. Ndiye tangoganizani mwezi wa June kapena July kuno ku Zomba, chiperoni chikuomba, 7 koloko m'mawa. Lipenga likupita kumunsi, gitala ikupita kumtunda. Tonse tinachuna dzulo madzulo, palibe wagwira chida cha mnzake, koma tikayamba zikumveka ngati atsekwe akukangana ndi mbuzi.

Gitala wa ku Ndirande: Zoona zimenezo. Ife zinatichitikira kunyanja ku Mangochi mwezi wa October. Tinayesa zida 2 koloko masana dzuwa likuswa mtengo, zonse zili bwino. Tinakwera pa siteji 10 koloko usiku, kamphepo ka m'nyanja kakuomba, gitala yakwera yokha. Chiyambire pamenepo ndimachunanso ndikangotsala pang'ono kukwera, komanso pakati pa nyimbo ndi nyimbo nditatseka mawu.

Lipenga wa ku Zomba: N'chifukwa chake mukaona wa lipenga akupumira m'chida chake mwakachetechete pomwe ena akuyankhula, si misala, akulifunditsa. Mkulu wathu wa bandi ankaseka kuti lipenga lili ngati wophunzira wa kusekondale, osalifunsa funso lisanamwe tiyi.

Wa Zokuzira Mawu: Tsopano ndilowepo ine amene mumandinamizira nonse. Woimba akaphonya amaloza kumwamba ndi chala n'kundiyang'ana ine, ngati kiyi ndimasunga m'thumba kkkk. Koma kunena chilungamo, nthawi zambiri woimba pakamwa akachoka pa kiyi si kuti khutu lake ndi loipa, ndi kuti sakudzimva. Masipika akuluakulu amayang'ana kwa anthu. Woimba ali kumbuyo kwake, chimene akumva ndi mawu obwerera kuchokera ku khoma la kumapeto kwa holo, ochedwa komanso odzadza besi. Popanda monita, kasipika koyang'ana kwa iye, pamapazi pake ali ngati munthu woyenda usiku wopanda tochi. Akapanda kudzimva amakuwa, akakuwa khosi limauma, kiyi n'kuthawa. Ndiye eni phwando akamachepetsa ndalama ya zida, chinthu choyamba chimene amachotsa ndi monita yomweyo, poti anthu saiona ntchito yake.

Woimba Besi: Nanga maholo athu a malata opanda siling'i aja akulu? Besi imazungulira m'menemo ngati njuchi m'chidebe.

Wa Zokuzira Mawu: M'menemo mankhwala ndi kuchepetsa, osati kuwonjezera. Aliyense pa siteji amafuna ampu yake ikwere kuti adzimve, mnzake nayenso akweza, mapeto ake palibe akumva mnzake. Ndikapempha wa gitala kuti atsitse pang'ono, amandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake.

Gitala wa ku Ndirande: Kkkk mwatigwira. Ndivomere, tikatsitsa zimamveka bwino.

Wa ku Joni: Ine mundikhululukire, ndikuona ngati tikuchepetsa nkhani. Kuno ku Johannesburg ndimaimba m'bandi ya tchalitchi komanso m'malo odyera, ndipo munthu ukabwera ndi gitala yosachuna sakuitananso, palibe kuseka. Tuner ya pa foni ndi yaulere. Kakang'ono kopanira kumutu kwa gitala sikadula kuposa nsambo zatsopano. Anthu alipira pakhomo, ena ayenda mtunda wautali, ndiye ife tiziti ndi sitayilo? Nthabwala zimenezi ndi zomwe zikutichititsa kuti tizolowere zinthu zosalongosoka.

Woimba Besi: Achimwene a ku Joni, palibe amene wati kuphonya n'kwabwino. Ineyo nthabwala ndimaiona ngati njira yodzudzulira munthu popanda kuswa bandi. Mnyamata wa ku Ndirande uja atakalipiridwa pamaso pa anthu, mwina bwenzi Lolemba atasiya. Pano akutchedwa Bambo Transpose, akuseka nawo, koma ndikukutsimikizirani kuti batani limenelo sadzaliiwalanso mpaka kukalamba.

Wa ku Joni: Mwina. Koma ndaonapo anthu amene aseka cholakwa chomwecho zaka khumi osasintha.

Gitala wa ku Ndirande: Amenewo alipo, ndipo ambiri vuto si khutu, ndi chida. Pali magitala amene ungachune ndi tuner nsambo zonse zisanu ndi imodzi, E A D G B E, zonse zobiriwira, koma ukagwira kodi (mawu angapo olira pamodzi) kumtunda kwa khosi ikunama. Yesani izi: imbani nsambo osagwira, kenako muigwire pa fuleti ya 12 (mafuleti ndi timizere tachitsulo ta pa khosi la gitala). Akuyenera kukhala mawu omwewo, kungoti apamwamba. Akakwera kupitirira, kachitsulo kamene nsambo imatsamirapo kumunsi kuja kakufunika kubwezedwa m'mbuyo kuti nsambo italike. Akatsika, kasunthireni kutsogolo. Komanso nsambo zikatalikirana kwambiri ndi khosi la gitala, ukamadina umazikoka, mawu n'kukwera. Kapo, chopanira nsambo pa khosi la gitala, nayo ikapana kwambiri imachita zomwezo. Ndiye pali nsambo zadzimbiri zimene zamwa thukuta chaka chathunthu. Zimenezo ngakhale mngelo atsike sizingachunike.

Woimba Besi: Ndipo osamanga nsambo zatsopano tsiku la shoo. Zatsopano zimatamuka, nyimbo iliyonse zikutsika. Mangani kukadali masiku awiri, muzikoke pang'onopang'ono ndi dzanja, muchunenso kangapo. Za besi ndi zodula, ife timaziphika m'madzi owira kuti litsiro lichoke, zimabwerera moyo kwa kanthawi.

Mayi wa Kwaya: Kuphika nsambo? Mumathira ndi mchere womwe? Kkkk.

Woimba Besi: Osathira amayi, zingachite dzimbiri kkkk. Koma ndiwapatseko achinyamata chinthu chimodzi chimene chinandithandiza. Pa mawu 12 amene ali pa khosi la gitala, 7 ndi a m'kiyi imene mukuimbayo, 5 ndi akunja. Ndipo aliwonse mwa asanu akunjawo ayandikana ndi olondola, fuleti imodzi kutsogolo kapena kumbuyo. Ndiye ukagwa pa olakwika usanjenjemere, tsetsereka fuleti imodzi, wafika pakhomo. Anthu amamva ngati unachita dala kukongoletsa.

Mphunzitsi wa Nyimbo: Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi. Ndifotokozeko za 440 imene yatchulidwa ija, poti ambiri timangoiona pa tuner. Ndi kuchuluka kwa kunjenjemera kwa mawu a A pa sekondi imodzi. Sinagwe kumwamba, anthu anachita kugwirizana. Kale ku Ulaya mzinda uliwonse unali ndi A wake, woimba akasamuka ankapeza zida zikusiyana. Pa msonkhano wa ku London mu 1939 ndi pamene mayiko angapo anagwirizana za 440, ndipo bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO linaikhazikitsa ngati muyezo mu 1975. Ngakhale lero magulu ena akuluakulu a zoimba ku Ulaya amachuna pa 442 kapena 443. M'magulu amenewo chitoliro chotchedwa oboe ndi chimene chimapereka A, ena onse n'kutengerapo. Ndipo mukafuna kumva ndi khutu ngati nsambo ziwiri zagwirizana, ziimbeni pamodzi. Ina ikakhala pa 440 ina pa 443, mumva mawu akuchita wawawa katatu pa sekondi. Mukamayandikira kugwirizana, wawawa uja amachedwa, mpaka kuima zii. Pamene waimapo ndi pamene mwafika.

Mkulu wa Bangwe: Aphunzitsi, zikomo. Ine ndine wachikulire, foniyi akundilembera ndi mdzukulu wanga. Ndifunseko: pamene ankagwirizana ku London kuja, agogo anga amene ankaimba bangwe ku Dowa anaitanidwa? Chifukwa mdzukulu yemweyu tsiku lina anaika foni yake pafupi ndi bangwe wanga, kenako akuti agogo, nsambo zanu zonse n'zolakwika, foni yafiira. Ndinamufunsa kuti nanga poti anthu akhala akulira ndi kuseka ndi bangwe ameneyu zaka zonsezi, amalira zolakwika? Bangwe ndimamuchuna ndi mawu anga. Ndimaimba kamzere ka nyimbo, n'kusuntha timitengo ta pansi pa nsambo mpaka nsambo ivomere khosi langa. Tsiku limene ndili ndi chimfine, bangwe amatsika nane.

Wang'oma wa ku Mtandire: Madala mwalasa. Ng'oma zathu za kumudzi nazonso tuner yake ndi moto. Chikopa chikazizira kapena kukagwa mame chimalefuka, timachiwamba pamoto wa udzu mpaka chilire bwino, uku tikuchigogoda ndi chala kumvera. Tikafuna mawu akuya timamata phula pakati. Mbalule ali ndi mawu ake, mpanje ali ndi ake, ndipo ovina amadziwa msanga ng'oma ikagona. Amangoima n'kuloza kumoto. Pamenepo nthabwala zimakhalaponso, amati wang'oma wabwera ndi chikopa cha mbuzi yodwala.

Mphunzitsi wa Nyimbo: Madala, sindikutsutsani ngakhale pang'ono, ndipo mdzukulu wanuyo amve izi. Foni imadziwa kachunidwe kamodzi kokha, kamene kamagawa mtunda wochoka pa do kufika pa do wapamwamba m'masitepe 12 ofanana. Valimba ya ku Chigwa cha Shire, ku Nsanje ndi Chikwawa, ija ya matabwa ogogoda, imagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana. Ukaiyeza ndi foni pafupifupi thabwa lililonse lifiira, koma mmisiri wake anasema dala: akapala pakati kunsi mawu amatsika, akapala kumapeto amakwera, mpaka khutu lake likhutire. Hugh Tracey, amene anajambula nyimbo zambiri kuno m'zaka za m'ma 1950 ndipo anayambitsa International Library of African Music mu 1954, ankayenda ndi timafoloko toyezera mawu kuti alembe kachunidwe ka chida chilichonse momwe mwini wake wachisiyira. Sankachikonza. Ngakhale kachunidwe ka piyano kamene timakatenga ngati koyera kali ndi ngongole zake. Kwaya yabwino ikamaimba do ndi mi popanda chida, mi wake amakhala wotsikirapo pang'ono kuposa wa kiyibodi, ndipo ndi ameneyo amene amakoma m'khutu. Wa kiyibodi anakwezedwa pang'ono kuti makiyi onse 12 athe kugwira ntchito pa chida chimodzi.

Mayi wa Kwaya: Ndiye n'chifukwa chake! Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano akamaimba pa maliro popanda chida chilichonse, mawu amalukana mpaka thupi kuchita tsemwe. Nyimbo yomweyo pa kiyibodi imamveka yowuma. Ndinkaona ngati ndi chisoni chabe chimene chimandichititsa kumva choncho.

Mphunzitsi wa Nyimbo: Chisoni chilipo amayi, koma khutu lanu silikunama.

Gitala wa ku Ndirande: Ndipo akuluakulu athu a gitala sankamangika ndi E A D G B E. Daniel Kachamba wa ku Chileka ankaimba gitala ya nsambo zisanu, ndipo anali ndi machunidwe angapo malinga ndi nyimbo. Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anakumana naye pamodzi ndi mng'ono wake Donald mu 1967 ku Blantyre, n'kulemba zambiri za kaimbidwe kawo. Chitoliro cha kwela chimene Donald ankaimba amachilowetsa m'kamwa chapambali kuti mawu akule ndi kupindika. Allan Namoko wa ku Thyolo ndi banjo yake, ndani angaime n'kunena kuti ankaphonya? Leronso onani babatoni wa Gasper Nali, nsambo imodzi, alibe fuleti, mawu amawapeza ndi botolo ndi khutu.

Wa ku Joni: Apa ndiye mukusakaniza zinthu ziwiri abale. Namoko ndi anzake ankagwirizana okhaokha. Madala ndi bangwe wawo amagwirizana. Za ku Chilobwe zija anthu anayi anali m'misewu iwiri. Tisabise ulesi kumbuyo kwa chikhalidwe.

Mkulu wa Bangwe: Mwana wanga wa ku Joni wanena zoona. Ine sindikuikira kumbuyo munthu wosamva anzake. Kumudzi wovomera nyimbo akapita kwayekha, amayi amamugwira dzanja n'kumuimika pakati pa awiri odziwa. Kuphonya kulipo ndithu. Kungoti woweruza wake ndi anzako amene ukuimba nawo, osati foni.

Wa ku Joni: Pamenepo tagwirizana madala.

Lipenga wa ku Zomba: Mwandikumbutsa za makaseti. Achinyamata a YouTube sangazidziwe izi. Ife tinkaphunzira nyimbo pa wailesi ya kaseti ya mabatire. Mabatire akayamba kutha, tepi imayenda pang'onopang'ono, nyimbo n'kutsika. Liwiro likangochepa ndi magawo 6 pa 100 alionse, nyimbo yatsika fuleti yathunthu. Ndiye wa gitala waphunzira kwawo ndi mabatire atsopano, wa besi waphunzira ndi mabatire oanika padzuwa. Akumana pa pulakatisi, aliyense akulumbira pali mayi ake kuti kiyi yolondola ndi yake. Mkangano umatha pokhapokha wina akagula mabatire.

Woimba Besi: Kkkkk oanika padzuwa ndi oluma ndi mano omwe! Lero ndiye kwabwera Auto-Tune, makina owongola mawu a woimba akaphonya. Chiyambire 1997 munthu amatha kulowa mu situdiyo akulira ngati chitseko, n'kutuluka ngati mngelo. Tsiku la shoo ndi pamene ng'ombe imaonekera nyanga.

Wa Zokuzira Mawu: Ena amabwera nayo pa siteji pomwe. Koma makinawo umayenera kuwauza kiyi ya nyimbo. Ukawauza yolakwika amamukokera woimba kuphompho ngakhale iye akuimba bwino. Ndiye tabwerera kwa Bambo Transpose.

Mtsikana wa Alto: Pepani akuluakulu, ine sindilembalemba pano, ndimangowerenga. Ndaseka nanu zonsezi, koma ndimafuna ndinene zanga. Chaka chatha anandipatsa ndime yoimba ndekha koyamba pa msonkhano wa achinyamata. Ndinakonzekera milungu itatu. Nditagwira maiki sindinamve kiyibodi, inali kutali kuseri kwa sipika, ndipo ndinalowa pamwamba. Ndinazindikira pakati pa mzere koma ndinasowa pobwerera. Wina anajambula pa foni, n'kuika pa magulu a WhatsApp ataikapo tinkhope toseka. Inafika mpaka kuntchito kwa amayi anga. Kuyambira tsiku limenelo sindinapitenso ku kwaya. Ndimaimba ndikamachapa basi. Sindikuti musiye nthabwala, koma ine zija sizinandiphunzitse kanthu.

Mayi wa Kwaya: Mwana wanga, ndawerenga kawiri. Pepa kwambiri. Amene anakujambulayo sanachite nthabwala, anachita nkhanza. Ife tikamati bweretsani makwerero timanenera mkati mwa mzere, kwa munthu amene mawa tidzakhala naye pa mkeka umodzi, ndipo iye amadziwa kuti sabata yamawa adzaseka ife. Wojambula uja sanaimepo kutsogolo kwa anthu maondo akugundana. Ndipo tamvera zimene wanena wekha: unazindikira pakati pa mzere kuti wakwera. Munthu wopanda khutu sazindikira. Ine ndaphunzitsa kwaya zaka zambiri, amene amandivuta ndi amene amaphonya ali osangalala. Iwe khutu uli nalo, chimene unalibe ndi kiyi m'khutumo pa nthawi yolowa.

Wa Zokuzira Mawu: Achemwali, mlandu umenewo ndi wa amene anayala zida. Munthu woimba yekha koyamba sungamuimike kumene sakumva kiyibodi. Ulendo wina musanayambe, imani pamalo pamene mudzaimirepo, wa kiyibodi aimbe, ndipo ngati simukumva nenani mosaopa. Ndi ufulu wanu. Zikavuta pakati pa nyimbo, tsekani khutu limodzi ndi chala, mudzadzimva m'mutu.

Wa Kiyibodi ku Area 25: Ndipo wa kiyibodi wabwino amamutsatira woimba. Ukamva kuti walowa kwina, umamugogodera mawu ake oyamba mwamphamvu kawiri katatu, akapanda kubwera umasamuka iweyo kupita kumene ali. Apa ndi pamene kudziwa makiyi onse kumagwira ntchito. Kumusiya mtsikana akumira iwe ukupitiriza kodi zako, chimenecho n'chimene ine ndingachitche kuphonya.

Wa ku Joni: Ine amene ndimalimbikira za kulongosoka ndinenenso pano: zimene ndinanena zija ndimanena anthu olipidwa amene safuna kuchuna, osati wophunzira pa ndime yake yoyamba. Achemwali bwererani.

Mkulu wa Bangwe: Mdzukulu wanga wandiwerengera. Mwana iwe, nyimbo imodzi sachezera gule. Waimba imodzi yokha, usiku ukadalipo.

Mtsikana wa Alto: Zikomo nonse, misozi ikutuluka. Mantha alipobe. Ndikangoganiza zogwira maiki m'mimba mumatentha.

Mayi wa Kwaya: Za maiki tisiye kaye. Uyambire mumzere, pakati pa ma alto awiri olimba, mwezi wathunthu osaimba wekha. Tisanayambe nyimbo iliyonse ndimapereka do, aliyense amang'ung'udza mawu ake oyamba chapansipansi, ndipo sitilowa mpaka ndione kuti onse awapeza. Ndaona kuti tili mumzinda umodzi, ndikulembera kumbali. Timakumana Lachitatu 4 koloko ndi Loweruka m'mawa. Pa pulakatisi yanga mafoni amakhala m'chikwama.

Mtsikana wa Alto: Lachitatu ndimaweruka 4 koloko yomweyo amayi, ndingafike mochedwerapo.

Mayi wa Kwaya: Fika ngakhale hafu pasiti, theka loyamba timakhala tikutsegula makosi. Ubwere ndi botolo la madzi, osati ozizira. Malo ako ndikusungira mzere wachiwiri, kumanzere kwanga.

Gitala wa ku Ndirande: Amayi mudzatiuze momwe zidzayendere. Ife Loweruka lino tili ndi chinkhoswe ku Bangwe, ndipo Bambo Transpose wamata kale selotepi pa batani lake. A Besi, ngati muli ndi nsambo ya G yapadera ya gitala ya magetsi mundisungire, ndidzadutsa Lachinayi madzulo kuti ikhale itatamuka pofika tsikulo.